Feteleza wa M'dzenje

Kodi ndi mbala yotani imene ingakhuthule thumba lonse la feteleza popanda kumasula mfundo, kusiya phazi kapena kuuwitsa galu? Talingalirani pamene mukumva zimene zidamugwera Belita wa kwa Mkhumba.

Chaka chimenecho banja lake lidapeza thumba limodzi la yureya, feteleza wobereketsa uja. Mwamuna wake, Nickson, adabwera nalo pa njinga kuchokera ku Migowi, chifuwa chili patsogolo. Pamudzipo padali chizolowezi chakuti wopeza thumba msanga amapungulirako abale, podziwa kuti mawa zidzamuthina ndi iye. Motero Fletcher, mchimwene wake wa Belita, adatulukira ndi kandowa m'manja.

"Alamu, mwayamba ndinu kupeza. Tandipungulirani pang'ono, langa likafika ndidzabweza."

"Ameneyu sakwana ndi munda wanga womwe," adayankha Nickson, maso ali kumbali. "Mukafunse kumene ndagulako."

Fletcher adabwerera ndi kandowa kake kopanda kanthu. Belita adachita manyazi mpaka kusowa poyang'ana, pakuti munda umene mwamunayo ankautcha wake udali wa makolo a iye ndi Fletcher yemweyo.

Nickson adali munthu wosakhulupirira ngakhale chithunzithunzi chake. Adamasula thumba, n'kung'amba pulasitiki ya m'kati kuti apise dzanja mpaka pansi, poopa kuti amugulitsa mchenga. Atakhutira adasoka ndi mfundo yodziwa yekha. Kenaka adakumba dzenje kuseri kwa khola la mbuzi, n'kulikwirira thumbalo ngati maliro.

"Abambo, pamenepo madzi amakhazikika," adadandaula Belita. "Bwanji tiliike m'nyumba, pamwamba pa njerwa?"

"M'nyumba muno abale anu amalowa ngati mumsika. Za feteleza zisiyireni amuna."

Mvula idabwera ya mvumbi, yosalekeza. M'chigwa cha Phalombe madzi sathamangira kupita, amayamba acheza. Kuseri kwa khola kudasanduka dambo, achule n'kumaimbirako. Pamene kunkayera, chimanga chidali chitafika m'mawondo, masamba atayamba chikasu, chikulirira chakudya. Nickson adatenga khasu n'kukafukula chuma chake. Thumba lidatuluka lopwafuka ngati chikopa cha mbuzi, mfundo ili chimangire. M'kati mudangotsala timibulu tochepa tomatirira m'makona.

Adakuwa mpaka mudzi wonse udasonkhana.

"Andikawa! Mfundo yanga iyi ili bwinobwino, feteleza mulibe. Wachita zimenezi ndi wamankhwala, ndipo ndikumudziwa. Si uja adabwera ndi kandowa?"

Fletcher adaima pakati pa anthu, ana ake ali pomwepo. Kutchedwa mfiti pamudzi pobadwira, pamaso pa ana ako, ndi chilonda chosapola msanga. Apa Belita mtima udamuwira. Sadathe kupirira kuti munthu ataye chakudya cha ana ndi manja ake, kenaka adetse dzina la mlongo wake. Adalanda thumba lija, n'kukokota timibulu totsalato, n'kutithira m'kapu ya madzi. Adatakasa ndi chala. Posakhalitsa m'kapumo mudali mbee, madzi okhaokha, atazizira ngati a mumtsuko.

"Nayo kapu, abambo. Feteleza wanu ali kuti? Kapena a Fletcher alowanso muno?"

Anthu adaseka, koma Belita sankaseka.

"Mchere mumauona ukusungunuka mu ndiwo tsiku ndi tsiku. Shuga mumamuthira nokha mu tiyi, simunanenepo kuti wakawidwa. Yureya ndi chimodzimodzi: akakumana ndi madzi amasungunuka, ndipo kumene madziwo apita iyenso amapita komweko. Pulasitiki imene mudang'amba ija ndiyo idali chitseko chake. Tayang'anani uko!"

Adaloza kumunsi kwa dzenje. Pafupi penipeni udzu udali utapsa, koma chapatali, m'njira yonse imene madzi adadutsa, bonongwe ndi chisoso zidali zitabiriwira bii, zonenepa kuposa mbewu iliyonse ya m'mudzimo.

"Mwabereketsa thengo, ana anu akuyang'ana," adatero Belita.

Nickson adatola thumba lopwafukalo n'kulowa m'nyumba. Pepani adamukanika kutuluka.

Sabata yotsatira thumba la Fletcher lidafika. Adapungulira azakhali ake, adapungulira msuweni wake, monga mwa chizolowezi. Nickson adazungulirazungulira, kenaka adatuma mkazi wake ndi kandowa.

"Mlongo wanga, iwe ndi ana ukadzasowa chakudya udzabwere udzadye," adatero Fletcher. "Koma feteleza wa mfiti angawaotchere chimanga alamu anga."

Chimanga cha kwa Belita chidabereka tizitsononkho tonga zala, ndipo nkhokwe idauma mvula ina isanagwe. Kandowa kamodzi kamene Nickson adakaniza kakadabwerera pa nthawi yake n'kupulumutsako mizere ingapo. Iye adasankha kusungitsa dothi m'malo mosungitsa m'bale. Akuluakulu sadaname pamene adati kupatsa n'kuika.

Ndipo mbala ija idali madzi a mvula.