Mwendo wa Mayi Nankhoma

Ena adzakuuzani kuti mwambi uwu ndi wakale kuposa nkhani yangayi. Asiyeni alankhule, ine ndikuuzani momwe ndidamvera.

Pa mishoni ina kufupi ndi Dedza padali mphunzitsi wa zojambula, a Chikadza, munthu wovuta kumukondweretsa. Mwa ophunzira awo mudali mtsikana wamakani dzina lake Rozina, mwana wa mayi Nankhoma. Mayiwa mwendo wawo wakumanzere udali woonda ngati bango chifukwa cha matenda a paubwana, ndipo ankaubisa m'chitenje chokhwekhwereza pansi.

A Chikadza ankaphunzitsa kujambula ndi utoto wamafuta m'njira imodzi yokha. Ankapachika chithunzi cha katswiri wina wa ku Ulaya, amene adamwalira zaka mazana atatu zapitazo, n'kulamula ophunzira kuti achikopere. Pachithunzipo padali gogo wamkazi atagwada mumdima, kuwala kukumugwera mbali imodzi, mapazi ake ali poyera, afumbi ndi odzaza zikang'a.

Rozina adagwira msanga njirayo. Ankayamba ndi mdima, kuwala pambuyo, ndipo ankadikira masiku angapo kuti utoto uume asanapake wina. Koma atafika pamapazi a gogoyo adawamvera chisoni, n'kuwasalalitsa. A Chikadza adatenga mpeni n'kupala utoto wonsewo. Kachiwiri zidateronso. Kachitatu adamufunsa kuti iye ndi yani kuti asambitse mapazi amene mwini chithunzi sadachite nawo manyazi.

"Jambula chomwe ukuona, osati chomwe ukadakonda kuona," adatero.

Rozina adalira ndi ukali, koma adamva.

Chaka chitatha, ophunzira adauzidwa kuti aliyense ajambule munthu wamoyo. Chithunzi chopambana chikapita ku chionetsero ku Blantyre, ndipo mwini wake akapitiriza maphunziro kumeneko. Rozina ankaufuna mwayiwu ndi mtima wonse. Adakhazika amayi ake pakhomo, pomwe kuwala kumalowera mbali imodzi, ndipo adawanyengerera mpaka adalola kukweza chitenje pang'ono. Adawajambula milungu isanu ndi umodzi.

A Chikadza ataona chithunzicho, adavomera kuti palibe china chofanana nacho. Kenaka adatsokomola n'kunena kuti akuluakulu a m'tauni sakonda zomvetsa chisoni. Rozina apake chitenje pamwendopo, ntchito ya theka la tsiku, apo ayi chithunzicho chitsala. Mwawaona anthu ophunzira! Zikang'a za mzungu wakalekale zidali luso, koma mwendo wa mayi wamoyo wa pamudzi pomwepo udali manyazi.

Rozina adaika burashi pansi.

"Aphunzitsi, mudandibweza katatu chifukwa cha mapazi a munthu amene sindimudziwa. Lero mukuti ndibise mwendo umene unkapita kumunda ine ndili kumsana? Awa ndi amayi anga. Sindipaka."

Adamuchenjeza kuti mwayi wotere subwera kawiri. Iye adakulunga chithunzi chake m'nsalu, n'kuchisenza, ulendo wa kwawo. Ku Blantyre kudapita chithunzi cha kalaliki wovala jekete. Rozina sadapite, ndipo sindikunamizani, zidamuwawa zaka zambiri.

Kunyumba, mayi Nankhoma adachiyang'ana chithunzicho nthawi yaitali, misozi ili m'maso.

"Wandijambula ineyo ndithu, mwana wanga, osati mayi wina."

Adachipachika pabalaza. Lamulungu lotsatira adamanga chitenje monga amamangira amayi anzawo, mwendo uli poyera, ndipo adatsimphina mpaka kukakhala kutsogolo m'tchalitchi, kumene adali asanakhaleko chibadwire.

Kuyambira pamenepo, amayi amene adaona chithunzicho akapeza mwana akuchita manyazi ndi kwawo ankamukoka khutu n'kumuuza kuti: "Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo."

Mwambiwu ukutanthauza kuti amene adakubereka usamukane kapena kumubisa chifukwa cha chilema, umphawi kapena kusaphunzira, ngakhale pali phindu lokukopa. Mwayi ukapita wina umabwera, koma mayi wina sudzampeza.