Pepala la Olongolola

Aphunzitsi a Kaliwo analemba mayina a olongolola papepala, nalisiya pathebulo atalipinda. "Poweruka nonsenu mukakumba dzenje!"

Dzina loyamba linali la Nditani.

Phunziro la sayansi litayamba, aphunzitsi anafuna pepala loonetsera kusintha kwa zinthu. Nditani anathamanga n'kuwapatsa lopindidwa lija, ndi manja awiri, atagwada.

Iwo analing'amba pakati. "Mwaona? Likadali pepala. Tikhoza kulimata."

"Nanga kusintha kosabwerera kuja?" anafunsa Nditani. "Ine mutu wanga ngouma, sindimva ndisanaone."

A Kaliwo anayatsa machesi monyadira. Pepala linasanduka phulusa.

"Ndiye silingabwererenso, aphunzitsi?"

"Olo uitane sing'anga!"

Belu litalira, a Kaliwo anafufuza pathebulo, m'matumba, pansi pa mabuku. Kenaka maso awo anagwera paphulusa paja.

Nditani anagwadanso. "Ndisese, aphunzitsi?"