Mwala wa Che Likwanya

Che Likwanya anafika kwa Shehe Mdoka, ku Ntaja, akupuma wefuwefu, njinga n'kuigwetsa pansi osaiimika. Dzina lawo linali litatuluka: chaka chino akupita ku Haji, ulendo wopatulika wa Asilamu! Thumba la mkanjo wawo linkalendewera, muli mwala waukulu ngati chibakera.

Anapeza Shehe ali pakhonde, akusankha nandolo m'lichero.

"Asalamu alaikumu, Shehe!"

"Wa alaikumu salamu. Khalani, Che Likwanya."

Koma kukhala kunawakanika. "Shehe, za kugenda Satana ku Mina pa nthawi ya Haji zija, mwana wanga wandiwerengera pa foni. Achingerezi akuti 'hurl', ndiye kuti kuponya ndi mphamvu zonse, mpaka phewa kulira. Ine ndayamba kale kuyeserera! Dzulo ndagwetsa papaya kuchokera kumsewu. Satanayo akandiona chaka chino."

Anatulutsa mwala uja monyadira, akudikira kuyamikiridwa. Shehe anaulandira ndi manja awiri, anauyeza kulemera, n'kuuika pansi. Kenako anatola njere imodzi ya nandolo.

"Timiyala ta ku Mina timakula chonchi, bambo. Kumakhala khamu, nkhalamba ndi amayi. Mwala wanuwu ungakatsikire pamutu pa mlendo wa Allah."

"Kanthu kameneka? Nanga Satana angamve kuwawa?"

"Chimene timagenda kumeneko ndi chipilala, ndipo sichimva kuwawa. Timaponya pomvera Allah, pokana zimene Satana amatinong'oneza." Shehe anabwezera njere ija m'lichero. "Kodi Abiti Sumani ali bwanji?"

Che Likwanya anakhala pansi tsopano. Abiti Sumani, akazi awo, anali kwawo ku Nselema ndi mwana wakhanda kuyambira tsiku lija anawaponyera katundu panja, mvula ikugwa, chifukwa cha ndiwo zopserera. Mapoto anali akadali kuseri kwa nyumba, momwe anagwera.

"Zimenezo ndi zam'nyumba, Shehe. Ndidzazikonza ndikabwerako."

"Inshallah mudzabwerako. Koma wopita ku Haji amatsanzika ngati sadzabwera, ndipo cholakwira munthu amakhululuka ndi mwini wake."

"Ndiye ndiyeserere chiyani, Shehe? Masiku akutha."

"Kuponya mukudziwa kale, Che Likwanya, Ntaja yonse inaona. Chimene dzanja lanu silinaphunzire ndi kutola. Katoleni mapoto aja, muwatsuke nokha, mupite nawo ku Nselema mukapepese. Abiti Sumani akakukhululukirani, bwerani ndikuphunzitseni za ku Mina."