Mauvuni Awiri a Danwell Msimuko

M'chipinda chochezera cha a Danwell Msimuko, pamwamba pa wailesi, panapachikidwa chipepala cha ulemu choikidwa m'galasi. Akuluakulu a maphunziro a ku boma la Lundazi ndiwo anawapatsa pa mwambo wothokoza makomiti a sukulu, ndipo mawu ake ankati iwo ndi wapampando wodziwa kugwirizanitsa makolo. Chiyambire tsiku limenelo, mlendo aliyense ankayamba wachiwerenga chipepalacho asanapatsidwe mpando. Akazi awo, a Lucia, ankachipukuta fumbi, koma nkhope ili ya tsinya.

"Chipepalachi chakulowani m'mutu, bambo a Temwani," anatero tsiku lina. "Kale mumatha kumuuza munthu kuti iyayi. Lelo aliyense wobwela pano akuchoka ndi inde wake."

"Inu simudziwa za utsogoleli," anayankha a Danwell akumanga zingwe za nsapato. "Mtsogoleli weniweni sakhumudwitsa munthu."

Sukulu ya pulayimale ya Kasumbalala, kudera la Mwase, ili pakamtunda, ndipo kumunsi kwake kumadutsa mtsinje. M'chilimwe mtsinjewo ndi mchenga wokhawokha, ana amawoloka akuthamangitsana. Koma mvula ikakhazikika, madzi amafika m'chiuno mwa munthu wamkulu, ndipo ana ang'onoang'ono a tsidya lija amakhala pakhomo mpaka mvula itatha. A tsidya lino nawonso anali ndi lawo dandaulo: ana a giredi yoyamba ndi yachiwiri ankaphunzirira m'chisakasa cha udzu chomwe chinali chitapendekeka ngati ng'ombe yothyoka mwendo.

Ndiye tsiku lina ahedi a sukuluyo, Mayi Faides Nyirongo, anabwera kuchokera ku boma ndi uthenga wokoma. Thumba la chitukuko la CDF linali litavomera kumanga nyumba imodzi ya makalasi atatu. Komiti ya makolo ndi aphunzitsi inangofunika kusankha malo, pasukulu pomwepo kapena tsidya lija, ndi kusonkhanitsa njerwa, mchenga ndi miyala mvula isanayambe.

"Adada, itanani msonkhano wa makolo onse," ahediwo anauza a Danwell. "Akangane tsiku limodzi, akweze manja, nkhani ithe. Amene alephele adzang'ung'udza pang'ono, kenako adzabwela kudzasenza mchenga. Ana ndi athu tonse."

A Danwell anapukusa mutu. Kukweza manja kumasiya ena akulira, ndipo wolirayo amaloza chala wapampando. Komanso iwo anabadwira tsidya lino, pomwe akazi awo ndi apongozi awo onse anali a tsidya lija. "Zisiyeni m'manja mwanga, amama. Izi ndiye nchito zanga."

Mawa lake anakwera njinga kupita kwa a Esau Jere, mlimi wa ng'ombe amene ankaimira tsidya lija m'komiti. Anawapeza akukonza goli pafupi ndi khola.

"Mdzukulu wanga Racheal wabweleza giledi yoyamba kawili," anadandaula a Esau. "Si kuti mutu ndi wouma ayi. Ndi mtsinje uja."

"Musavutike, adada. Nyumbayo ikubwela kuno. Yambani kuumba njelwa."

Madzulo a tsiku lomwelo anafika kwa a Justina Mtonga, wachiwiri wawo m'komiti, amene ankalankhulira a tsidya lino. A Justina sanadikire n'komwe kuti mlendo akhale pansi. "Chisakasa chija chidzatiphela ana, a tcheya. Mwachiona mmene chapendekela?"

"Ndachiona, amama. Nyumbayo timanga pasukulu pomwepa. Yambani kuumba njelwa."

A Lucia atamva zimenezi anagwira pakamwa. Koma amuna awo anali ndi nzeru yawo imene ankaiona ngati yakuya. Akuluakulu a ku boma akadzaona mauvuni awiri owotchera njerwa, ankatero, adzachita manyazi ndi khama la anthu a Kasumbalala, ndipo adzapereka nyumba ziwiri. Pamenepo dzina la Msimuko lidzamveka mpaka ku Chipata.

Anthu anagwira ntchito ndi mtima wonse. Dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, amayi ankatunga madzi kutali, abambo akuponda dothi mpaka miyendo kuchita ming'alu. Ng'ombe za a Esau zinakoka nkhuni pangolo kufikira makosi atanyuka. Ena anasiya kusosa m'minda yawo, ena anachedwa kufesa fodya. Utsi utayamba kufuka mbali zonse ziwiri za mtsinje, aliyense anauona wa mnzake. Atafunsa, a Danwell anali ndi yankho lokonzeratu. A tsidya lino anawauza kuti njerwa za uko zidzabwera kuno pangolo. A tsidya lija anawauza kuti njerwa za kusukulu zidzawolotsedwa mtsinje usanadzaze. Mbali iliyonse inkayamikira inzake chifukwa cha mtima wabwino.

Mayi Nyirongo okha ndiwo ankanunkhiza kuti pali chinachake chowola. "Adada, ku boma akundifunsa malo. Ndiwayankhe chiyani?"

"Auzeni abwele adzaone okha."

Anabweradi. Galimoto la khonsolo litaima pabwalo la sukulu, munatuluka a Kenan Mphande, woyang'anira zomangamanga, atanyamula chingwe choyezera. Amayi a tsidya lino anawalandira ndi nyimbo ndi nthungululu. Nyimbo isanathe, kunamveka ina kuchokera kumtsinje: amayi a tsidya lija, a Esau ali patsogolo, akubwera kudzatenga mlendo wawo kuti akamuonetse malo amene anali atalambula kale.

"Monile mose," anapereka moni a Kenan, maso akuyendayenda. "Nanga malo ake ndi ati?"

"Ndi apa," anatero a Justina, akuloza kuseri kwa chisakasa.

"Ndi uko," anatero a Esau, akuloza tsidya.

Kenako maso onse anatembenukira kwa wapampando. A Danwell anaseka kaseko kopanda mchere, nayamba kufotokoza za khama la anthu, za mauvuni awiri, za mmene boma lachifundo silingalole thukuta lotere kupita pachabe. A Kenan anawadula.

"A tcheya, nyumba ndi imodzi. Sukulu zodikila zilipo zambili."

"Ndiye bwanji tiigawe? Makalasi awili kuno, limodzi uko."

"Si nzimbe iyi yoti n'kuthyola pabondo. Pulani ndi imodzi, maziko ndi amodzi. Gwilizanani, mutiuze komiti yathu isanakhale pansi kumapeto kwa mwezi."

Galimoto litangochoka, pabwalopo panabuka chipwirikiti. A Justina ankati a tsidya lija ndi akuba ofuna kulanda sukulu. A Esau ankati a tsidya lino ndi odzikonda osalabadira ana a anzawo. Anthu amene dzulo lake ankabwerekana makasu anasiyana osatsanzikana.

Ngakhale pamenepo mpata unalipo. Ahedi anawatsatira a Danwell mpaka pakhomo pawo. "Adada, ndakupemphani kokwanila. Itanani anthu, muvomele kuti munalakwa, akweze manja. Kulikonse kumene imangidwe, ine ndilandila. Chimene sindingalandile n'kuitaya."

Koma kusankha mbali imodzi tsopano kunatanthauza kuima pamaso pa mbali inayo ngati wabodza, ndipo a Danwell anagwira njakata. Msonkhano woyamba anausuntha chifukwa cha maliro a m'mudzi woyandikana. Wachiwiri anausuntha ati anthu ali pamzere wa feteleza. M'malo mwake ankavala jekete m'mamawa, n'kukwera minibasi ya ku boma kukapempha nyumba yachiwiri. Ankakhala pabenchi kunja kwa maofesi mpaka dzuwa kupendeka, n'kuuzidwa zomwezo zimene anauzidwa pabwalo la sukulu. Pobwerera ankadutsira pa msika wa Lundazi kugula tinsomba ta kapenta, kuti kunyumba asafike chimanjamanja.

Mayi Nyirongo atatopa anayesa kuitanitsa msonkhano okha. A tsidya lija anakana kubwera, ati sangakhale pansi ndi anthu owatchula akuba. A tsidya lino anabwera, koma chigamulo cha mbali imodzi ku boma sakanachilandira.

Mwezi unatha. Tsiku limene ahedi anabwerako ku boma sanapite n'kunyumba kwawo komwe. Analunjika kwa a Msimuko, fumbi lili m'mapazi, ndipo anakana mpando.

"Yapita," anatero. "Aipeleka ku sukulu ina ya kufupi ndi Lukusuzi. Kumeneko anthu anagwilizana tsiku limodzi pansi pa mtengo. Ife akuti tidikile mpaka mwayi wina, ndipo palibe akudziwa kuti udzabwela liti."

"Koma amama, ine ndimafuna kuti aliyense akondwe."

"Ndiye tulukani mukawaone mmene akondwela."

Mvula inabwera yamphamvu chaka chimenecho. Lamulungu lina masana, chisakasa chija chinagwa chonse, mwamwayi mulibe mwana. Ana a giredi yoyamba ndi yachiwiri anawathithikiza m'kalasi la akuluakulu awo, ena atakhala pamawindo, mphunzitsi akusowa popondapo. Mtsinje unadzaza monga mwa nthawi zonse, ndipo Racheal ndi anzake anabwerera kukakhala pakhomo. Mauvuni awiri aja anamera ndere. Anthu anayamba kuzula njerwa imodziimodzi, wina kukamangira bafa, wina khola la nkhumba, aliyense akuti akungotenga thukuta lake.

A Lucia anasiya kupita kwawo chifukwa cha manyazi. Kumpopi amayi a tsidya lino ankasiya kulankhula iwo akafika. "Mwandisandutsa mlendo konsekonse," anauza amuna awo. "Pitani mukapepese. Yambilani kwathu."

A Danwell anasankha tsiku limene madzi anaphwerako, napinda thalauzi, nawoloka. A Esau anawalandira pakhonde, anawapatsa mpando, namvetsera mawu onse osawadula. A Danwell atamaliza, mkuluyo anayankha akuyang'ana kukhola kwake.

"Mukanandiuza poyamba kuti nyumbayo ikhala kusukulu, ndikanakwiya, inde. Koma ng'ombe zanga zikanakoka njelwa kupita komweko, ndipo lelo bwenzi tikukambilana za mlatho. Yewo, a Msimuko, tamva. Muyende bwino."

Sanawaperekeze. A Danwell anatsika njira ya kumtsinje manja ali m'khosi, osaona kuti kumtunda mitambo yada bii. Pofika pagombe, mvula inali itayamba kukhuthuka, ndipo madzi ofiira ankasefukira, atanyamula zitsa ndi mapesi. Kuwoloka kunali kudzipha. Kubwerera kwa a Esau, kapena kwa apongozi awo amene anali asanawapepese n'komwe, manyazi anawaletsa. Anaima pansi pa kamtengo kopanda masamba okwanira, jekete litamatirira pathupi, madzi akutsika m'khosi. Tsidya lino, ana amene anathithikana m'kalasi ankawaona pawindo. Tsidya lija, anthu ankawaona ali m'makonde mwawo. Aliyense ankayesa kuti munthuyo ali ndi kwina kothawira.

Msonkhano wa makolo umene unalephereka nyengo yonse ija unachitika mvula itatha, ndipo anthu a mbali zonse ziwiri anabwera osachita kukakamizidwa. Nkhani inali imodzi yokha, yosankha wapampando wina. Tsiku limenelo manja onse anakwera pamodzi.

Akuluakulu akale sanalankhule mwamasewera pamene anati mapanga awiri avumbwitsa.