Kamwana Kamapiko pa Chitseko cha Tchalitchi

Anzanga, imvani nkhani yabwino: Abiti Twaibu, aja amatigulitsa zitumbuwa pageti la sukulu, ayambanso kuswali, mapemphero a Chisilamu aja, ndipo dzulo tinawamva akuseka! Chimwalirireni kamwana kawo Sumani, kaja kanangoyamba kumene kuyenda, anali asanasekepo. Atiuza okha mmene zinayendera.

Lachisanu anthu atabalalika pamzikiti, mayiwa anafika pakhonde pa Shehe Likonde, napereka salamu, n'kukhala chapatali maso ali pansi.

"Shehe, ndalakwa. Mwezi watha ndinausa mvula patchalitchi cha Akatolika chija. Pamwamba pa chitseko anasemapo kamwana kamapiko, konenepa masaya, ndendende Sumani wanga. Chiyambire tsikulo ndimadzera komweko, kungoima n'kumakayang'ana. Ndiye ndimati munthu wotere angaimenso bwanji pamkeka wopemphererapo? Swala ndinasiya."

Shehe anafunsa, "Mumakagwadira, mayi?"

"Ayi, ndi pang'ono pomwe."

"Mumakapempha kanthu?"

"Ayi. Ndimangolira basi."

"Ine za m'tchalitchi sindizidziwa bwino," anatero Shehe, "koma ndinafunsapo a Gomani, akatekisiti aja. Akuti iwonso sakapembedza. N'chizindikiro cha angelo, ndipo amasema nkhope ya khanda pofuna kunena kuti oyandikana ndi Mulungu alibe banga. Ife angelo sitiwajambula, ndipo pamenepo timasiyana nawo mwaulemu. Koma zoti khanda lilibe tchimo, zimenezo nafenso tikuzidziwa."

Mayi aja anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. "Nanga wangayo ali kuti, Shehe?"

Shehe anayang'ana chitenje chomwecho. "Sumani akafuna kuti mumunyamule ankatani?"

"Ankakoka apa," anatero mayi aja, kumwetulira kukubwera kokha misozi isanaume. "Kaya ndikukazinga, kaya ndikuchapa, osasiya mpaka nditamubereka. Kanali kamakani."

"Makani amenewo mudzawafuna," anatero Shehe. "Tinaphunzitsidwa kuti ana otere ali ku Janna, ku Paradizo, ndipo tsiku lomaliza adzagwira chovala cha kholo lawo, osachitaya mpaka Allah atawalowetsa onse awiri, mwana ndi kholo. Kapachitseko kaja n'kamtengo, mayi, sikangakukokeni. Wanuyo ndiye adzakukokani. Pitani mukayale mkeka wanu, kuti adzakupezeni muli kale panjira."