Sakhwi ndi Muvi wa Ulembe

Padangotero. Yankhanitu kuti tili tonse, ndidziwe kuti sindikuyankhula ndi zitsa.

Sakhwi mukumudziwa, kanyama kaja kooneka ngati mbewa koma kamphuno katali, kamiyendo yowondawonda. Iyeyo anakakwatira chikamwini, ndipo anabereka ana atatu, onse mphuno ya bambo wawo. Banja linali lokoma ndithu, vuto linali ndiwo. Chaka chimenecho chilimwe chinawotcha koopsa, mfutso unatha m'zikwatu, ndipo pakhomo pa Sakhwi ankangodyera mchere wosungunula.

Apongozi ake, a Nangozo, sankayankhula naye maso ndi maso, paja mwambo sulola. Koma pakamwa anali napo mayi amenewo! Ankayankhula ndi mwana wawo wamkazi, mokweza, mkamwini ali chapomwepo.

"Iwe mwanawe, akamwini a anzanga akubwera ndi nyama kuchokera kutchire. Wathuyu amabwera ndi chiyani? Mphuno. Zikapitirira chonchi, mvula isanagwe apinde mphasa yake aziona msana wa njira. Ana ndi athu, atsala."

Sakhwi zinamuwawa zedi. Za mphunozo akanapirira, koma ana ake ankawakonda kuposa chilichonse, ndipo ankadziwa kuti mkamwini akathamangitsidwa amachoka yekhayekha.

M'mudzimo alenje a uta analipo awiri, Nyani ndi Fisi. Mauta awo anali aatali, nsinga zake zachikopa chopota, mivi yabango yachitsulo kunsonga. Ya Nyani inali ndi nthenga za nkhanga, ya Fisi za khwangwala, kuti mwini azidziwika. Tsono Sakhwi anapinda kanthambi ka nsungwi, nkumangako luzi. Mivi yake inali minga ya nungu yomangirira tinthenga ta mpheta. Ananyamula zida zakezo ulendo kwa alenje.

"Odi akuluakulu! Mawa tipitire limodzi."

Fisi anaseka mpaka kukhala pansi. "Ndi chotokosera m'mano chimenecho?"

"Msiyeni, tchire ndi la tonse," anatero Nyani. "Koma lamulo mukulidziwa, a Sakhwi? Nyama ndi ya mwini muvi umene wapezeka m'thupi mwake. Enawo amangolandira khosi ndi matumbo chifukwa chonyamula."

"Umene wapezeka m'thupi," anabwereza Sakhwi, mphuno ikugwedera. "Lamulo lokoma bwanji!"

Apa ndikuuzeni zinthu ziwiri zimene alenjewo sanaziganizire. Nyama ikalasidwa sigwa pomwepo, imayamba yathamanga, ndipo mlenje amailondola pang'onopang'ono potsata magazi. Chachiwiri, Sakhwi ali ndi tinjira take pansi pa udzu, tosesasesa, ndipo akalowa m'menemo palibe womupeza liwiro.

M'mawa anakafika palupsa, pomwe msipu unali utayamba kuphuka, nkupeza gwape akudya. Nyani anawaza phulusa m'mwamba kuti aone kolowera mphepo, onse nkuyamba kukwawa. Fisi anakoka uta, muvi kuti fyuu! Nayenso Sakhwi analiza kaluzi kake kopanda muvi, nkufuula, "Wanga wapita!" Gwape anadumpha, liwiro la mtondo wadooka.

"Inu tsatani magazi, ine ndikafune muvi wanga," anatero Sakhwi, nkulowa mu udzu.

Mphuno inamufikitsa pamene panagwera gwape, pafupi ndi chulu, muvi wa Fisi uli m'mimba. Anaugwira ndi mano, nkuponda ndi miyendo yonse, kukoka, kukoka, mpaka unazuka. Anauponya mu una wa pachulu. Kamuvi kake pabala lalikulu chonchija kakanangogwa, choncho balalo analimata ndi dothi la pachulu, nkupesera ubweya pamwamba. Kenaka anabaya munga wake kuseri kwa mwendo wam'mwamba, pamtima penipeni, paja wabodza safuna ulemu wochepa.

Anzake anamupeza atakhala pamsana pa gwape, akudzikupiza ndi tsamba.

"Mwachedwatu akuluakulu. Ndinayamba kuwodzera."

"Aaa! Koma ndinaona muvi wanga ukulowa!" anatero Fisi.

"Unalowadi, m'tchire. Tayang'anani nthengazi, ndi za khwangwala izi?"

Nyani anawerama. "Za mpheta."

"Nanga lamulo lija analitchula ndani? Ine?"

Fisi ananyamula gwape mpaka pakhomo pa Sakhwi, akung'ung'udza njira yonse. Atati athandize kusenda, Sakhwi anakana. "Mlenje weniweni amasenda yekha. Khosi ndi matumbo ndikutumizirani."

Ana anavina tsiku limenelo. A Nangozo anati, "Iwe mwanawe, uwafunse, gwapeyu sanafe yekha ndi ukalamba?" Koma anadya mpaka kunyambita chigongono.

Patapita masiku anayi anapitanso, ulendo uno kumtsinje, kumene mbawala zimamwa madzi. Wolasa anali Nyani. Muvi fyuu, kaluzi ka Sakhwi nako nkulira, "Wanga wapita!" Zonse zinayenda ngati poyamba: kuzula, kubisa, kumata, kupesa, kubaya. Anamupeza atagona chagada pamimba pa mbawala, akuimba mluzu.

Nyani sanakangane. Anabwerera pamene anaimirira polasa, nkufunafuna mu udzu nthawi yaitali.

"Muvi wophonya umapezeka," anatero pobwera. "Wanga ndaufuna, zii."

"Mwina waulukira kutsidya. Mikono yanuyi ndi yamphamvu, akulu."

Nyani anayang'ana kauta kaja kali paphewa pa Sakhwi. "A Sakhwi, kangaude wamanga nyumba pa uta wanu."

"Musakhudze! Ndi mankhwala amenewo."

"Ooo," anatero Nyani, akudzikanda m'nthiti.

Abale anga, Nyani akati ooo, wanzeru amabwerera kwawo nkukakhala phee. Nyama yowamba inali itadzaza nsanja, yokwana kufika nayo kudzinja. A Nangozo anali atasiya za mphuno, tsopano ankati "bambo a kunyumbaku." Chinasowa nchiyani? Koma ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Sakhwi anayamba kuyenda chifuwa chili patsogolo, akuuza aliyense kuti agwape ndi a ana, iye akufuna nyanga za ngoma padenga la nyumba yake.

Ulendo wachitatu anakwera kuphiri, nkuipezadi ngoma, yamphongo, nyanga zopotanapotana. Nyani sanatenge muvi m'phodo. Anamasula wina umene anaukulunga paokha m'tsamba la nthochi, koma Sakhwi sanasamale, maso ake anali panyanga. Uta unakokedwa mpaka kukhutu, fyuu! "Wanga wapita!" Ngoma inathyola zitsamba kutsika phiri.

Sakhwi anakaipeza itagwera m'chigwembe, muvi utalowa kwambiri pantchafu yamanzere. Ameneyu ndiye anamutulutsa thukuta, koma unazuka. Kunsonga kwake kunali zinthu zakuda, zomata. Sakhwi anangopukuta manja pa udzu, nkukankhira muviwo pansi pa mwala. Anamata, anapesa, anabaya, nkukwera panyanga.

Nyani anafika akuomba m'manja. "Mlenje! Ngoma yathunthu ndi munga umodzi! A Fisi, iyi sitinganyamule. Thamangani mukaitane mudzi wonse, abwere ndi madengu, adzaone okha."

Sakhwi mtima unali mbee. Dzuwa lisanafike pamutu anthu anali atafika, a Nangozo patsogolo ndi dengu lalikulu, pambuyo pawo mkazi wa Sakhwi ndi ana atatu aja akudumphadumpha.

Nyani ananola mpeni pamwala, nkuyankhula mokweza kuti onse amve.

"Tithokoze kuti wapha ngomayi ndi muvi wa a Sakhwi. Wanga uja ndinaupaka ulembe, poizoni wa alenje, wamphamvu zedi. Ukanalasa wanga, tikanayamba takumba nyama yonse yozungulira bala nkuikwirira pansi, poti wodya pamenepo safika madzulo. Koma poti ine ndaphonya, palibe chotaya. Idyani yonse!"

Anthu anaomba m'manja. Sakhwi anayang'ana manja ake. Zakuda zija! Anatembenuka nkulavula katatu, nkupukutanso manja pamimba. Bala lenileni analidziwa iye yekha, ndipo analimata bwino moti ngakhale ntchentche sinalione.

"A Nyani," anatero ndi mawu ang'ono, "ntchafu yamanzereyo tiwasiyire miimba. Mbalame nazo zili ndi njala."

"Ntchafu yonona chonchi, miimba? Mwatani a Sakhwi?"

"Ndiye tengani inuyo, mwavutika."

"Ine ndi wa khosi ndi matumbo, lamulo ndi lamulo."

"Ndipatseni ine!" anatero Fisi, dovu likuchucha, dzanja atatambasula kale. Nyani analimenya dzanjalo.

"Mwambo mwaiwala? Mkamwini akapha ngoma yake yoyamba, ntchafu imapita kwa apongozi." Anaidula ntchafuyo ndi chikopa chomwe, nkuiika m'dengu la a Nangozo. Mayi aja analuluta mpaka mbalame zinauluka m'mitengo.

Ndipo Sakhwi? Ine sindinama, Sakhwi anakhala chete. Ena amati lilime linauma ndi mantha. Ena amati ankakumbukira mawu onse aja a mphuno, limodzilimodzi. Ine kunalibeko.

A Nangozo anaisisita ntchafuyo, nkunena kuti, "Ine mano anatha, ndidya yophika kunyumba. Adzukulu anga, tolani nkhuni tiwotche pompano, muyambe ndinu kulawa nyama ya bambo wanu."

Ana anabalalika kukatola nkhuni. Moto unayaka. Mayi aja anasenda pang'ono, nkuyamba kucheka chapafupi ndi pomata paja, poti mpomwe panali mnofu wabwino. Kamwana kotsiriza kanali katakhala kale patsogolo, timanja titatambasulidwa, kamphuno kakugwedera ngati ka bambo wake.

"Musadye!"

Sakhwi anadumpha kuchokera panyanga mpaka m'dengu. Anaiwala mwambo, anaiwala ulemu, anawalanda apongozi mpeni m'manja.

"Ana anga, musadye! Mayo ine, musadye!"

Anafukula dothi lija ndi zala, bala nkuonekera poyera, lalikulu, loti munga wa nungu sungaboole. Anathamangira pamwala, nkubwera akukoka muvi wa nthenga za nkhanga.

"Wapha ngomayi ndi uwu. Ndinauzula ine, ndinamata ine. Ine uta sindidziwa, sindinalasepo ngakhale chiwala."

Anthu onse kukamwa yasa.

"Nanga mbawala ija?" anafunsa Nyani modekha.

"Yanu."

"Gwape?"

"Wa a Fisi. Mivi yanu ndikakuonetsani pomwe ili. Ndimenyeni, ndithamangitseni, mphasa ndipinda lero lomwe. Koma ana asadye nyamayi." Misozi inali ikutsika mpaka kunsonga kwa mphuno, ndipo mphuno ya Sakhwi ndi ulendo.

Nyani anatola muviwo, nkuutembenuza uku ndi uku. Kenaka anatulutsa lilime, nkunyambita nsonga yonse bwinobwino.

"Phula la njuchi ndi mwaye wa padenga," anatero. "Ulembe unandithera chaka chatha."

Kunali phwete! Anthu anaseka mpaka kugwirana mapewa, ana nawo ankaseka osadziwa chosekedwa. Fisi yekha ndiye anali akuwerengabe zala.

"Dikirani. Ndiye kuti gwape uja anali wanga? Ndipo ndinamusenza ndekha kukapereka kwa eni?"

Anati amumbwandire Sakhwi, koma Nyani anamugwira mchira.

"Msiyeni, walipira kale ndi manyazi. Komanso taganizani, a Fisi, nyama zingati zatitayika m'tchire muno titalasa, nkukadyedwa ndi miimba? Uyu katatu konse watifikira poyamba. A Sakhwi, uta mupatse ana aziseweretsa. Inu muzitsogola ndi mphuno yanuyo, mukapeza nyama muziitana, mwendo wam'mwamba uzikhala wanu. Koma mukadzakhudzanso muvi wa mwini, ulembe ndikaugula."

"Sindidzayambiranso, akulu," anatero Sakhwi, maso ali pansi. Sankaopa Nyani, sankaopa Fisi. Ankadikira mawu a munthu mmodzi.

A Nangozo anatola mpeni wawo, nkuupukuta pansalu, nkucheka nyama ija nkuika pamoto. Anadikira mpaka inayamba kununkhira. Atatero anatembenukira kwa mwana wawo wamkazi, mokweza monga mwa masiku onse.

"Iwe mwanawe, uwauze bambowo kuti mphasa asapinde. Mwamuna wovula ulemu wake pagulu chifukwa cha ana, ameneyo ndiye bambo, kaya uta aziudziwa kaya asaudziwe."

Sakhwi anapumira m'mwamba.

"Koma uwafunsenso," anapitiriza a Nangozo, akutembenuza nyama pamakala, "pamene ntchafuyi inali yanga ndekha, pakamwa pawo panali patapita kuti?"

Sakhwi anayang'ana Nyani, Nyani ankayang'ana kumwamba. Anati, "Ndikumva ngati kwagwa nyama ina kuseriku," nkulowa mu udzu.

Nthano yathera pomwepo, koma funso silinathe. Mukadzamuona Sakhwi akudutsa liwiro m'tinjira take, mphuno ikugwedera uku ndi uku, musaganize kuti akulondola nyama. Akufunafuna yankho la apongozi, ndipo mpaka lero sanalipeze.