Chibangili cha Nagama

Kalekale, iwe usanabadwe, inenso ndisanabadwe, padali mayi wina dzina lake Nagama. Khala pansi umve, usayang'ane kumbali.

Mwamuna wake, a Chibwe, adamuveka chibangili chamkuwa tsiku la ukwati wawo. M'mawa uliwonse awiriwo ankanyema mbatata imodzi yootcha, uyu theka, uyu theka, n'kuyenda limodzi mpaka kudimba.

Tsono a Chibwe adamwalira.

Nagama ankayendabe njira yomweyo, koma osalawa kanthu. Nanga mbatata akadagawana ndi yani? Kuyenda, kuonda. Kuyenda, kuonda. Chibangili chija chidayamba kuvuka chokha n'kumagwa pansi. Zinali zomvetsa chisoni, ndikukuuza.

Tsiku lina adagwa panjira ndi chizungulire. Amayi opita kumadzi ndiwo adamunyamula.

Mwana wake wamkazi, Ndaziona, adali ndi pakati. Adati, "Amayi, mwana akubwerayu adzamubereka ndani? Msana wanuwu ndi mafupa okhaokha."

Nagama adati, "Ndikuyendatu kuti ndilimbe."

"Kuyenda m'mimba mulibe kanthu? Mukudzitha, amayi."

"Chakudya sichikutsika, mwanangu."

M'mawa mwake Nagama potuluka adapeza Ndaziona atakhala pakhomo, mbatata yootcha ili m'manja, chiponde chili pambali. Adainyema pakati.

"Theka langa, theka lanu. Mukapanda kudya, inenso sindidya. Tikhala ndi njala tonse atatu."

Nagama adayang'ana mimba ya mwana wake. "Iwe! Makani a bambo ako enieni!"

Adalira. Adalira ndithu. Kenako adatenga theka lija, n'kudya, misozi ili chuchuchu. Atatha, awiriwo adayenda pang'onopang'ono mpaka kudimba.

Mawa lake mbatata. Mkuja wake phala lansinjiro. Kudya, kuyenda. Kudya, kuyenda. Masaya adayamba kubwerera.

Mwana adabadwa, wamwamuna. Nagama ankamubereka yekha mpaka kudimba, osapumira panjira. Atayamba kugwiragwira zinthu, kamwanako kadagwira chibangili chija. Kukoka, kukoka, ayi ndithu, chibangili osavuka.

Nagama adaseka, nati, "A Chibwe, mwaona? Ndilipo."

Ndiye iwe, ukadzaona mnzako wasiya kudya, usadzamukalipire. Udzakhale naye pansi, munyemerane chomwe chilipo. Ndipo nawenso, ndi timikono tako iti, usamatuluke m'mawa m'mimba mulibe kanthu. Ukuganiza kuti sindimakuona?

Nthano yangayi yathera pomwepa. Kwaya, theka lako ili.